Kumwamba kumaziziriranji pomwe dzuwa lili komweko?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Akuti pa ulendo wawo woyamba wa pandege, kuchokera ku Lumbadzi kupita ku Johannesburg, kasikirini ka pampando kanaonetsa kuti kunja kukuzizira madigiri 45 pansi pa ziro. "Tsono si kuti tinayandikira dzuwa? Chisanucho chinachokera kuti?"

Mayi, funso lanu landisangalatsa kwambiri. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndiye makilomita 11 amene ndege inakwerawo si kanthu. Nkhani yagona apa: kuwala kwa dzuwa kumangodutsa mumpweya n'kukatenthetsa nthaka ndi madzi, ndipo nthakayo ndi imene imafunditsa mpweya kuchokera pansi, monga mbaula imachitira ndi mphika. Tapondani tala wopanda nsapato masana a mu Okutobala, mumva nokha komwe kuli moto. Mukamakwera m'mwamba, mukutalikira mbaulayo.

Mpweya wozungulira dziko uli m'magawo osanjikizana. Gawo la pansili, lomwe timapumamo, limatchedwa troposphere. Mitambo, mvula, matalala, ziphaliwali, zonse zimachitikira momwemu, ndipo pa kilomita iliyonse yomwe mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, pamwamba pa Sapitwa ndi 3,002. N'chifukwa chake munthu wochoka ku Salima akutuluka thukuta amakafunafuna juzi ku Dedza. Kuno kotentha gawoli limafika makilomita 16 kapena 17, choncho ndege yanu inali idakali momwemo.

Pamwamba pake zinthu zimatembenuka. Mu stratosphere, yofika makilomita 50, ukamakwera kumayamba kufunda, chifukwa muli ozone, mtundu wa mpweya, amene amamwa kuwala koopsa kwa ultraviolet. Gawo ili limandikhudza mtima ndikaganizira abale athu achialubino, amene khungu lawo limapsa msanga ndi kuwala kumeneku. Mu 1985 asayansi analengeza kuti ozone wa pamwamba pa Antarctica wapyapyala kwambiri chifukwa cha mpweya wa CFC, womwe unkaikidwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano ku Montreal loti ausiye, ndipo ozone uja akubwerera pang'onopang'ono.

Kenako pali mesosphere, yofika makilomita 85, kozizira koposa konse, mpaka madigiri 90 pansi pa ziro. Nyenyezi zothothoka zija timaziona usiku kumudzi si nyenyezi ayi, ndi timiyala tomwe timapsera kumeneko. Mu thermosphere ndi momwe International Space Station, chombo chomwe asayansi amakhalamo m'mlengalenga, imazungulira, pa makilomita pafupifupi 400. Exosphere ndiye kothera, mpweya umangozilala.

Chomwe chimandidabwitsa ine n'kuchepa kwa mpweya wonsewu. Ambiri amati thambo lenileni limayambira pa makilomita 100, mtunda wongofanana ndi wa Lilongwe kukafika ku Salima. Ndipo mpweya wochuluka, magawo atatu mwa anayi, uli m'gawo la pansi lija, momwe utsi wa lupsa, wa makala ndi wa mamini basi umakathera.

Mvula ikayamba mu Novembala, dzayang'aneni mtambo waukulu wa mabingu chakumadzulo. Umakwera ndi kukwera, kenako mutu wake umaphwatalala ngati wagunda denga. Pamenepo ndi pothera troposphere, Mayi, ndipo mukhoza kupaona muli pakhonde panu pomwepo ku Area 25.