Henry Shefflin ankasewerera bwanji matimu awiri nthawi imodzi?

Achimwene ena amene akukhala ku Dublin anditumizira imelo. Akuti kuntchito kwawo nkhani ya hurling, masewera a ku Ireland omenya kampira ndi ndodo, ikangoyamba, dzina la Henry Shefflin silisowa, ndipo atafufuza apeza kuti m'zaka zomwezo ankasewerera Ballyhale Shamrocks komanso Kilkenny. Funso lawo n'lakuti: kodi Kilkenny idamugula ku Ballyhale, nanga ankalandira zingati?

Achimwene, palibe adamugula, ndipo malipiro a pamwezi kulibe. Bungwe la masewera achikhalidwe a ku Ireland la GAA, lomwe lidakhazikitsidwa ku Thurles mu 1884, limayendetsa masewerawa mosalipira osewera. Amangothandizidwa pa zoyendera ndi zina zing'onozing'ono. Shefflin ankagwira ntchito kubanki, madzulo n'kupita kokonzekera masewero.

Kalabu ndi timu ya parishi imene munthu wakuliramo. Ballyhale ndi kamudzi ka kummwera kwa boma la Kilkenny, ndipo Shefflin, wobadwa mu 1979, ndi mwana wa kumeneko. Timu ya boma imasankha akatswiri m'makalabu onse a m'bomalo, koma wosankhidwayo sasiya kalabu yake. Amavala zakuda ndi zachikasu za Kilkenny, masewero a boma akatha n'kubwerera kwawo kukavala zobiriwira ndi zoyera pamodzi ndi anzake a paubwana.

Onani mmene ziwirizi zimalukirana. Kalelo ku Kilkenny, kalabu yopambana chikho cha boma ndiyo inkapereka kaputeni wa timu ya boma chaka chotsatira. Ballyhale idapambana kuyambira 2006 mpaka 2009, choncho Shefflin adakhala kaputeni mu 2007, kenako James Fitzpatrick, Michael Fennelly ndi TJ Reid, onsewo a kalabu imodzi.

Adayamba kusewerera timu yaikulu ya Kilkenny mu 1999, pansi pa mphunzitsi Brian Cody, ndipo adatenga chikho cha All-Ireland, chomwe maboma a ku Ireland konse amalimbirana, ka 10, koyamba mu 2000, komaliza mu 2014. Adasankhidwa ka 11 m'gulu la All Stars, la osewera ochita bwino kwambiri pachaka, komanso kukhala wosewera wopambana onse mu 2002, 2006 ndi 2012. Ankasewera kutsogolo, ndipo mipira ya chilango ankamenya ndiye. M'masewerawa kampira kakadutsa pamwamba pa mtanda wa golo ndi pointi imodzi, kakalowa mu ukonde ndi mapointi atatu, ndiye munthu wosaphonya ngati ameneyu amanyamula timu.

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi bondo lake. Mu fainolo ya 2007 yolimbana ndi Limerick, mtsempha wa m'bondo udaduka, theka lachiwiri sadasewere, komabe adakwera masitepe a bwalo la Croke Park ku Dublin kukanyamula chikho cha All-Ireland chija, chotchedwa Liam MacCarthy. Mu 2010 zidachitikanso pa semifainolo yolimbana ndi Cork, pamene Kilkenny inkafuna chikho chachisanu motsatizana, chinthu chimene palibe boma lidali litachitapo. Sadadikire opaleshoni, adalimbitsa mwendo kwa milungu ingapo n'kulowa m'bwalo kukakumana ndi Tipperary. Mphindi 15 zisanakwane bondo lidakana, adatuluka akutsimphina, Lar Corbett wa Tipperary n'kumwetsa zigoli zitatu, Kilkenny n'kugonja. Ine ndimaona kuti sadayenera kuloledwa kusewera tsiku limenelo. Munthu amene Lolemba akuyenera kudzuka kupita kuntchito, thupi lake si loika pachiswe chotero. Komabe cholinga chake ndimachimvetsa: wosewera wa ndalama amateteza kontrakiti, pomwe iyeyu ankaganiza za anthu amene akakumane nawo kutchalitchi ndi kugolosale.

Adachira, n'kudzatenganso chikho mu 2011 ndi 2012.

Musaganize kuti kalabu ndi yongodutsirapo. Nawonso makalabu ali ndi All-Ireland yawo, ndipo Shefflin adaitenga katatu ndi Ballyhale: mu 2007 pogonjetsa Loughrea, mu 2010 pogonjetsa Portumna, ndi pa 17 March 2015 pogonjetsa Kilmallock. Patangopita masiku ochepa adalengeza kuti wasiya kusewerera Kilkenny. Atasiya kusewera, timu yoyamba kuiphunzitsa idali Ballyhale yomweyo, ndipo idatenga All-Ireland mu 2019 ndi 2020 iye asanapite kukaphunzitsa boma la Galway.

Popeza muli ku Dublin, pitani ku Croke Park mukaone fainolo ngati tikiti mungaipeze, chifukwa ngakhale bwalolo limalowa anthu oposa 82,000, matikiti ambiri amagawidwa kudzera m'makalabu. Poyambira pabwino ndi kalabu ya m'dera lanu: funsani anzanuwo kuti kwawo ndi parishi iti, akutengeni.