Musanawatulutse, onani kaye pampu

Achemwali, musanawachotse akamba anuwo m'galasimo n'kukawaika m'dziwe la panja, kagwadeni kaye muone kukamwa kwa pampu. Kamba wanga wamkazi, wamkulu uja ndinkakuonetsani muno, anafera pomwepo, m'madzi olekeza m'mawondo.

Mmisiri amene anandikonzera dziwe anaika pampu pansi penipeni, paipi yokoka madzi n'kuisiya kukamwa kuli yasa, popanda kasefa kalikonse. Nditamufunsa anangoseka, amvekere, "Mayi, kamba wa m'madzi angamire bwanji?" Kambatu si nsomba. Amapuma ndi mapapo. Amatha kukhalitsa pansi, inde, koma akalephera kutulutsa mphuno pamwamba basi wapita.

M'mawa wina ndapita ndi chakudya, kamba wamwamuna wafika kale m'mphepete akupalasa, wamkaziyu zii. Madzi ali obiriwira, pansi osaoneka, pampu ikulira mwachilendo. Ndinalowa ndi zovala zomwe, kupapasa m'matope, dzanja n'kugunda chigoba. Mwendo wakumbuyo unali utalowa m'paipi wonse. Ndikukoka, pampu nayo ikukoka, mpaka ndinachita kukuwira mwana kuti akazimitse magetsi. Nditamuvuula khosi lili lende, mwendo utasupuka, zikhadabo zakutsogolo zitatha ndi kukanda simenti. Ndiye kuti analimbana usiku wonse, ife tili mtulo, zenera lili pafupi pomwepo. Zikhadabo zimenezo mpaka lero sizindichoka m'maso.

Kumuimbira mmisiri uja, akuti, "Mwina anali wodwala kale." Wodwala! Dzulo lake anadya mpaka kufuna kundiluma chala. Kuchokera pamenepo foni yanga sayankhanso, pomwe ndalama yake anatenga yonse. Makoma nawonso anawamanga oimirira, osalala, kamba osapeza pokwerera. Thabwa lotulukira ndinachita kuika ndekha. Anthu ena akangodziwa kusakaniza simenti basi ayamba kuyankha ngati madokotala a ziweto.

Amene anandigulitsa akambawa naye ndisamusiye. Anandiuza kuti sakula, adzakhala tating'ono choncho mpaka kalekale. Bodza lenileni. Ngati anuwo ali ndi kamzere kofiira kuseri kwa diso, ndi aja a red-eared slider, kwawo ndi kuchigwa cha mtsinje wa Mississippi ku America. Wamkazi amafika masentimita 30, ndipo amakhala zaka zoposa 20. Ku America komweko anachita kuletsa kugulitsa tiana tosafika mainchesi 4 kuyambira 1975 chifukwa cha tizilombo toyambitsa matenda totchedwa Salmonella, ndiye ana anu akagwira madzi a m'dziwemo azisamba m'manja ndi sopo, musanyengerere.

Koma atulutseni ndithu, panja amasangalala. Galasi limatchinga kuwala kwina kwa dzuwa kotchedwa UVB kumene thupi lawo limafuna kuti chigoba chilimbe, ndipo akakusowa chigoba chimafewa. Muwaikire chipika pakati pa madzi, poti aume thupi lonse akuwothera dzuwa, ndipo akadzidzimuka angodziponya m'madzi. Mbali ina ya dziwe ikhale yotsetsereka ndi yokhakhala, kwina kukhale mthunzi.

Mpanda usakhale wa waya, amakwera. Ndinamuonapo wanga atalendewera pamwamba penipeni, khosi lili kunja. Mangani wosalala, wofika masentimita 60, ndipo muukwirirenso pansi chifukwa amakumba. Akathawa n'kukafika kumtsinje amalanda malo ndi chakudya cha akamba a kumeneko, n'chifukwa chake mayiko a European Union analetsa kuwagulitsa. Galu asayandikire, ngakhale wanu wofatsayo, chigoba amachitafuna. Ngati akadali ang'ono musawatulutse n'komwe, makoswe ndi mbalame zikuluzikulu sizichedwa.

Wamkazi amaikira mazira ngakhale popanda wamwamuna. Mukadzaona wasiya kudya, akungozungulira mpanda, akukanda pansi ndi miyendo yakumbuyo, akufuna dothi lofewa loti akumbe. Musiyireni malo otero m'kati mwa mpanda, apo ayi mazira amatha kumukanirira m'mimba, n'kufunika dokotala. Nsomba zokongola ndi maluwa a m'madzi iwalani, adzadya. Ngati kwanuko kumazizira mpaka madzi kuundana, nkhani yake ndi ina, dziwe losaya silingawasunge.

Pampuyo ikani, yamphamvunso, chifukwa akamba amadetsa madzi kuposa nsomba, ndipo madzi akada simuona chimene chikuchitika pansi. Ingoitsekerani m'kabokosi ka mabowo ang'onoang'ono, muyese ndi dzanja ili yoyaka. Ikakukokani chikhatho, mwendo wa kamba siusiya. Yanga ndinaizula, madzi ndimasintha ndi ndowa, ndipo wotsalayo dzuwa likalowa ndimamulowetsa m'nyumba, anene anene. Ikani chithunzi cha paipi yanuyo muno tione kaye.