Masiku asanu ku Italy: musawathere m'sitima

Amayi ena anditumizira imelo: "Ine ndi bambo akunyumba tikupita ku Italy masiku asanu. Tikufuna tikaone Rome, Florence, Venice, Pisa ndi Pompeii. Kodi zitheka?"

Zitheka amayi, koma zimene mudzakumbukire kwambiri ndi masiteshoni a sitima. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikanakhala inu, masiku anayi ndikanakhala ku Rome, limodzi n'kupita ku Pompeii.

Colosseum, bwalo lakale la ku Rome lija linatsegulidwa m'chaka cha 80 AD, tikiti yake mumalowera nayonso ku mabwinja a Roman Forum ndi paphiri la Palatine. Pamenepo tsiku latha kale. Guliranitu pa intaneti, mzere wake si wamasewera.

Ku Vatican kumafunanso tsiku lakelake. Kulowa m'tchalitchi cha St Peter n'kwaulere, koma mapewa ndi mawondo azikhala ophimba, apo ayi akubwezani pakhomo. Chitenje m'chikwama chimathetsa nkhani yonseyi. Ku tchalitchi chaching'ono cha Sistine Chapel, kumene katswiri wojambula Michelangelo anajambula kudenga kuyambira 1508 mpaka 1512, mumalowera ku nyumba zosungiramo zinthu zakale za Vatican Museums, ndipo kumeneko mumalipira. Lamulungu amatseka, kupatula lomaliza la mwezi pomwe amalowetsa ulere, koma tsikulo anthu amachita kuponderezana. Mu Sistine Chapel kujambula zithunzi n'koletsedwa.

Tsono Pompeii. Sitima yothamanga imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa kuchokera ku Rome kukafika ku Naples, kenako mukwere kasitima ka Circumvesuviana n'kutsikira pa Pompei Scavi. Mzinda wa Pompeii unakwiririka ndi phulusa phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79 AD. Ine chinandigwira mtima si nyumba za anthu olemera ayi, koma msewu. Miyala yake inachita kukumbika ndi magudumu a ngolo, ndipo pakati pali miyala ikuluikulu yopondapo powoloka kuti munthu asaponde madzi akuda. Mbaula zophikira buledi zikadalipo, mphero zamiyala zili pambali pake. Kenako mumangozindukira mwaima pafupi ndi chifaniziro cha munthu amene anafa atadzipinda. Matupi a anthuwo atawola anasiya mphako m'phulusamo, ndiye ofukula anathiramo pulasitala. Pamenepo ngakhale olongolola amakhala duu.

Mthunzi ndi wochepa kumeneko, choncho chipewa ndi nsapato zafulati musaiwale. Botolo la madzi nalonso tengani. Ku Rome kuli mipopi ya m'misewu yotchedwa nasoni, madzi ake ndi ozizira bwino, akumwa, ndipo salipiritsa.

Nsanja yopendekeka ya ku Pisa ija yapendekeka zaka zoposa 800. Idzakudikirani ulendo wina.