Funsani za Mapu: Minda ya Mpunga, Mijigo Yosochera ndi Malire

FUNSO: Ine ndine mlembi wa gulu la alimi a mpunga mbali ya ku Lifuwu, m'boma la Salima. Chaka chilichonse timakangana pa ndalama yokonzera ngalande komanso pogawana feteleza, chifukwa palibe akudziwa kukula kwenikweni kwa munda wa mnzake. Nthawi yosonkha munthu amati wake ndi theka la ekala, ikafika nthawi yolandira wasanduka ekala yathunthu. Tikufuna mapu a minda yonse. Mnyamata wina wa m'tauni watiuza kuti pulogalamu yake ndi yodula, yolipira m'madola. Ife tili ndi laputopu imodzi yakale ndi mafoni basi. Kodi tingathe? — Mayi mlembi, Salima

YANKHO: Mayi, mungathe, ndipo ndalama za gulu musazitayire ku laisensi. Mnyamatayo sananame kwenikweni. Ilipo pulogalamu yotchuka ya ArcGIS, ya kampani ya Esri ya ku America, ndipo imeneyo ndi yogula. Koma ntchito mwafotokozayi imatheka yonse ndi QGIS, yomwe ndi yaulere. Anaiyamba ndi Gary Sherman mu 2002, nthawiyo ikutchedwa Quantum GIS, ndipo lero amaikonza ndi anthu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana. Si ulere uja wongokulawitsani mwezi umodzi kenako n'kutseka ayi. Laisensi yake, ya GNU GPL, imalola munthu kuikopa, kupatsa mnzake, ngakhale kuisintha m'kati mwake. Mukaiika pa fulashi n'kugawirako alangizi anu, simunabe kanthu.

Fayilo yoikira pa Windows ndi yaikulu, ndiye musaphe bandulo ya gulu. Kaitengereni pamene pali Wi-Fi pa boma, ndipo musankhe yolembedwa LTR chifukwa ndi imene yakhazikika. Ikangolowa mu laputopu imagwira ntchito popanda intaneti. Pa foni ya Android ikani QField, yomwe inapangidwa kuti iziyendera limodzi ndi QGIS: mumakonza fomu pa laputopu, n'kuitengera pa foni, n'kupita nayo kumunda. GPS ya foni imamva masetilaiti, siifuna netiweki kapena mayunitsi.

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanu. Foni imaphonya. Pamtetete, kumwamba kukuoneka bwino, imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu. Mukaima pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi denga la malata, ndiye zimaposa apo. Pa munda wa chimanga wa maekala asanu kuphonya kotereku sikudetsa nkhawa. Koma taganizani kamunda ka mpunga ka mamita 20 m'lifupi ndi 50 m'litali. Kukula kwake ndi masikweya mita 1,000. Foni ikawonjezera mamita anayi okha m'lifupimo, kamundako kakhala 1,200. Mwini wake mudzamulipiritsa gawo limodzi mwa magawo asanu pamwamba pa zoyenera, ndipo mudzamuuza kuti yanena ndi kompyuta. Mkangano umenewo udzaposa umene muli nawo panowu.

Ndiye ine ndingachite chonchi. Foni igwire ntchito yoonetsa pamene munda uli, ngalande ikudutsa pati, msewu ndi mjigo zili mbali iti. Koma timinda ting'onoting'ono muyeze ndi tepi, kapena chingwe cha mamita 50 chomwe mwachimanga mfundo pa mamita asanu alionse, ndipo manambalawo mulembe mu fomu yomweyo. Mu QGIS mudzakonza makona a munda kuti agwirizane ndi za tepizo. Muli kabatani ka chithunzi cha maginito, ka Snapping, komwe kamamata kona ya munda wina pa kona ya woyandikana nawo. Kayatseni, apo ayi pakati pa minda padzatsala timizere ta malo opanda mwini, kapena minda idzakwerana.

Poyeza, mwini munda akhalepo ndipo anzake ochita nawo malire akhaleponso. Mukafika pa kona imani kaye, foni ili m'dzanja lotambasula, mudikire mpaka nambala yoonetsa kuphonya itsike, kenako musindikize. Kuthamanga pamenepa n'kumene kumawononga mapu ambiri amene anthu amandibweretsera kuti ndiwaone. Munda uliwonse muupatse nambala yofanana ndi ya m'kaundula wa gulu. Mayina okha sakwanira, poti a Phiri ndi a Banda m'gulu limodzi amakhala ambiri.

Popanga leya ya mindayo, kutanthauza gawo la mapu limene mujambulemo minda yokha, QGIS idzakufunsani CRS, kutanthauza njira yowerengera malo pa dziko. Sankhani EPSG:32736, yomwe ndi WGS 84 / UTM zone 36S. Malawi yense ali mu zoni 36 ya kummwera, ndipo njira imeneyi imawerenga m'mamita, osati m'madigiri. Mukamaliza kujambula tsegulani Field Calculator, mulembe $area / 10000 kuti mupeze mahekitala, kapena $area / 4047 kuti mupeze maekala, omwe alimi athu anazolowera. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka.

Posunga sankhani mtundu wa fayilo wotchedwa GeoPackage. Fayilo ya mtundu wina, ya Shapefile, ndi yakale ndipo imayenda ngati banja: pali .shp, .shx, .dbf ndi .prj, ndipo .shx kapena .dbf ikatsalira pokopera, mapu amakana kutseguka kapena kaundula yense amasowa. Imadulanso mitu ya m'kaundula pa zilembo khumi. GeoPackage ndi fayilo imodzi yokha. Muisunge pa mafulashi awiri, ina ikhale kwa wapampando.

Chomaliza, musindikize mapuwo pa pepala la A3 ndi kuwapachika pamene mumachitira misonkhano, asanayambe kugwira ntchito. Anthu aloze ndi chala, atsutse, mubwerere kumunda pamene pali dandaulo. Akavomereza onse ndi pamene mungayambe kuwerengera ndalama ya ngalande.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yoyang'anira mijigo m'midzi ya kufupi ndi mtsinje wa Bua. Ndinalemba manambala a GPS a mijigo yonse mu Excel. Nditawalowetsa mu QGIS, poyamba sanaoneke n'komwe ku Malawi kuno. Mnzanga atakonza anabwera, koma ndikawaika pa mapu akale a boma a 1:50,000 omwe tinachita sikani, mjigo wina ukugwera tsidya lina la msewu, wina m'dambo. Cholakwika n'chiyani, GPS kapena mapu? — Bambo wa ku Nkhotakota

YANKHO: Achimwene, mwina zonse ziwiri zili bwino. Mavuto anu ndi awiri osiyana.

Loyambalo ndi lofala. Nkhotakota ili pafupifupi pa madigiri 12.9 kummwera ndi 34.3 kummawa. Popeza tili kummwera kwa equator, latitude yathu imayenera kukhala ndi kachizindikiro kochotsera, -12.9. Mukakaiwala, mijigo yanu imakatera ku Sudan. Mukasinthanitsa ma column, latitude n'kukhala pa X, imakagwera m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Kumbukirani kuti X ndi longitude, Y ndi latitude, ndipo manambala a madigiri ochokera mu foni kapena GPS amalowa ndi CRS ya EPSG:4326.

Lachiwirilo ndi lobisika, ndipo limapusitsa ngakhale anthu a ntchito yomweyi chifukwa zinthu zimaoneka ngati zili pafupi kulondola. Tengani pepala la mapuwo muwerenge timalemba ta m'munsi. Mapu ambiri akale a Department of Surveys amalemba Arc 1950 ndi Clarke 1880. Ameneyo ndi muyeso wa dziko umene ankagwiritsa ntchito kusanabwere masetilaiti. GPS yanu imagwiritsa ntchito WGS 84. Malo amodzi omwewo, manambala ake m'miyeso iwiriyi amasiyana ndi mamita mazana angapo kuno kwathu, okwanira kuwolotsa mjigo msewu.

Bwererani mu Georeferencer, momwe munamangirira mapu a sikaniwo. Polowetsa manambala a mizere ya pa pepala, iuzeni QGIS kuti ndi a EPSG:20936, Arc 1950 / UTM zone 36S, ngati ndi zomwe zalembedwa m'munsimo. Ikadziwa zoona za leya iliyonse, yokha imaziyanjanitsa pa sikirini. Chenjerani ndi batani la Set Layer CRS. Limangosintha dzina la muyeso, manambala osawakhudza. Kugwiritsa ntchito batanilo pofuna kusandutsa leya ndi kuinamiza pulogalamu. Kusandutsa kwenikweni kuli pa Reproject Layer, kapena posunga fayilo yatsopano ndi CRS ina.

Zikakakhalabe zosiyana pang'ono, musafulumire kusuntha mijigo. Mapu amenewo ndi a zaka zambiri zapitazo. Misewu inakhotetsedwa, ndipo mitsinje ya m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, monga Bua, Dwangwa ndi Linthipe, imasintha njira madzi akasefukira. Yerekezani ndi zithunzi za Sentinel-2, zomwe ndi zaulere ndipo setilaiti zake zimadutsa pafupifupi masiku asanu alionse. Kadontho kamodzi ka chithunzicho ndi mamita 10, ndiye mjigo simuuona, koma njira ya mtsinje ndi pamene madzi aima mudzaona bwino, mitambo ikakhala kuti palibe. Pa MASDAP, tsamba la boma logawirapo mapu a Malawi, mungapezeponso malire a maboma, misewu ndi mitsinje.

Ndikupempheni kanthu kamodzi. Mijigoyo mukaitsimikiza, ndipo akuntchito kwanu akalola, ikeniko pa OpenStreetMap, mapu a dziko lonse omwe anayamba mu 2004 ndipo aliyense angathe kuwonjezerapo. Midzi yathu yambiri ya m'mbali mwa nyanja pamenepo ilibe ngakhale dzina, chonsecho madzi akasefukira monga zinachitikira ku Dwangwa mu 2024, opereka thandizo amafuna kudziwa pamene pali madzi akumwa. Ikani mjigo, sukulu, mlatho. Mayina a anthu ndi manambala a foni asalowemo.

FUNSO: Amalume anga akulowerera m'munda umene anatisiyira mayi athu. Ndikajambula malire ndi foni n'kusindikiza mapu, kodi angandiimire ngati umboni? — Mtsikana wa kwa Khombedza, Salima

YANKHO: Mwana wanga, pepa ndi zomwe zikukuchitikira. Mapu ako akuthandiza kufotokoza nkhani momveka pamaso pa a mfumu ndi akuluakulu a banja, makamaka ukaonetsapo zinthu zomwe aliyense akuzidziwa: mlambe, chulu, khwawa, mzere wa khonje umene mayi ako anadzala. Koma pepalalo palokha silikupatsa umwini. Malo a makolo amayendetsedwa ndi lamulo la Customary Land Act la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, ndipo kulembetsa munda kumadzera ku komiti ya malo ya m'dera lanu. Muyeso wovomerezeka ndi boma amachita ndi saveya wovomerezeka. Jambula ndithu, ulembepo tsiku, ndipo poyenda m'malirewo utenge anthu achikulire awiri kapena atatu omwe ankaona mayi ako akulima. Ukatero pita kwa a nyakwawa, ndipo ukafikenso ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Salima kuti akakuuze njira yolembetsera.