Kwa msuweni, za Windows, Mac ndi Linux zija

Eee, msuweni, funso lako ndaliona pa gulupa. Akuti pakati pa Windows, Mac ndi Linux, yolimba ndi iti, yotetezeka ndi iti. Hmm. Iweyo? Iwe amene pasiwedi yako ndi tsiku lako lobadwa, lero wayamba kudera nkhawa za chitetezo? Ndimakudziwa ine. Laputopu yako ija yakana Windows 11, ndiye ukufuna ndinene kuti "gula Mac" kuti ukawamvetsere azakhali mawu angawa. Sinditero ayi.

Dikira kaye, ndikukumbutse za amalume. Kompyuta yawo ya pa tebulo ija, imene tonse tinaletsedwa kuigwira chichitikire nkhani ya zithunzi ija. Inali ya Windows 7. Iwo update ankadana nayo koopsa. Kabokosi kakangotuluka, amvekere, "Awa akufuna kundithera data." Mapeto ake anaitsekeratu. Koma ma antivayirasi anaikamo atatu. Atatu! Onse otola pa intaneti. Ukaiyatsa, unkatha kukasamba n'kubwerako isanamalize kudzuka. Ndiye mu 2016... ayi, 2017, mwezi wa May, vayirasi yotchedwa WannaCry itatseka makompyuta mpaka m'zipatala za boma za NHS ku Britain, ndinawauza kuti malume, Microsoft inatulutsa chigamba cha vutoli, ndiye kuti update yolikonza, mu March, amene agwidwawo ndi amene sanachiike. Iwo anangokhala tsonga pampando paja, magalasi ali pamphuno, amvekere, "Yangayi ili ndi alonda atatu." Zoonadi WannaCry sinawapeze. Chinawapeza ndi mlonda wachitatu uja. Inali vayirasi yeniyeni, yangovala dzina la antivayirasi. Mafayilo a msonkhano aja onse, psiti. Mpaka lero akuti anafufuta ndi achimwene ako. Usakawauze kuti ndanena ndine.

Ndimati chiyani kodi... eya, kulimba. Masiku ano zonse zitatu n'zolimba ndithu. Mac sivutavuta chifukwa Apple imapanga yokha makina ndi pulogalamu yake yomwe, koma ndiye kuti suiika pa laputopu yakoyo, uyenera kugula ya iwowo. Linux ndi imene ikuyendetsa maseva ambiri a intaneti, makompyuta aja osunga mawebusaiti, ndipo pa makina otopa ngati akowo imathamanga bwino. Mtundu wake wina wotchedwa Ubuntu, ukatenga ya LTS, yosamalidwa nthawi yaitali, imalandira zigamba zaka 5 kwaulere. Windows mavayirasi amaikonda chifukwa ndi imene ili pa makompyuta ambiri, mbava zimapita komwe kuli anthu. Koma Defender, antivayirasi ya Microsoft yomwe, imabwera ili momwemo kale, ndipo imakwana bola uzipanga update, osati za amalume zija. Vuto lako iwe ndi loti Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, kupatula amene analembetsa zigamba zoonjezera, pomwe 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. N'chifukwa chake yakukana.

Tsono mvetsera apa. Usayambire pa dzina la Windows kapena Mac, yambira pa mapulogalamu amene umatsegula tsiku ndi tsiku. Photoshop ndi Microsoft Office zilipo pa Windows ndi pa Mac, pa Linux palibe. Kuli LibreOffice, imatsegula mafayilo a Word, koma matebulo nthawi zina amasuntha, n'kupezeka kalata yatsika tsamba lina. SolidWorks, pulogalamu yojambulira zamainjiniya ija munkaphunzira chaka chatha... kapena unaisiya? Imeneyo ndi ya Windows basi, Mac yako yokongolayo siyiyendetsa payokha. Masewera ako aja nawonso, ambiri amakomera pa Windows.

Ndiye ndikuti mapulogalamu ndiwo asankhe, osati iwe ndi maso ako. Ngati ntchito yako ndi kulemba, imelo ndi YouTube, ndibwera ndi fulashi, tiyese Linux Mint osafufuta kanthu, uone ngati Wi-Fi ndi purinta zikugwira. Ngati SolidWorks ikadalipo, ndiye tikambe za laputopu ya Windows 11, osati Mac.

Wamva eti? Mapulogalamu kaye. Undilembere onse, ngakhale amene ukuchita nawo manyazi, unditumizire kumbali, osati pa gulu. Ndipo pasiwedi ija usinthe lero lomwe. Aa, kodi amalume ali pa gulu lino?