Kwa mdzukulu wa ku Mayfair wofunsa za madola

Mdzukulu wina wogwira ntchito m'shopu ku Mayfair, mumzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa, wafunsa kuti: "Agogo, kwacha ikungogwa. Marandi angawa ndigule madola n'kupatsira munthu wa basi, kapena ndizingotumiza pafoni?"

Ndakumva, mdzukulu wanga, ndipo mtima ukhale pansi, chifukwa chimene wafunsacho n'chaching'ono. Randi ikasanduka dola, wosinthayo amadyapo. Dolayo ikakasanduka kwacha ku Lilongwe kapena ku Limbe, wina adyaponso. Wametedwa kawiri pamutu umodzi. Ngati bwana wako amakulipira marandi, tumiza marandi omwewo kudzera ku makampani ovomerezeka monga Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa. Polembetsa adzafuna pasipoti yako. Usakopeke ndi kuchepa kwa chindapusa chotumizira, chifukwa phindu lina amalibisa mumtengo wosinthira. Funso n'limodzi lokha: ndikapereka R1,000, amayi agwira makwacha angati m'manja? Ufunse malo awiri kapena atatu tsiku lomwelo. Ngati ikulowera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uwonjezerepo yochotsera kwa ejenti, apo ayi amayi alandira yoperewera n'kumaganiza kuti mwana wayamba kuumira. Dzina ulembe monga lilili pachiphaso chawo cha unzika, osati dzina la kumtundu limene timawaitana pakhomo.

Ndikudziwa chimene chikukukoka. Osintha ndalama a m'misewu amapereka zambiri kuposa a kubanki, aliyense akudziwa. Koma malonda amenewo boma limaletsa, ndipo ndi komwe kumayenda mapepala achinyengo ndi mitolo yoperewera pakati. Dola yong'ambika, yolembedwalembedwa kapena yakalekale amaikana kapena kuigula motchipa. Envelopu imene wapereka kwa munthu wa basi ku Park Station, pokwerera mabasi ku Johannesburg, iyenera kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Zobue ndi Mwanza, ndipo ikasowa ulibe lisiti loti n'kulirira.

Koma iwe, funso limene unayenera kufunsa ndi ili: ndalamayo ikafika, ikagona mausiku angati isanagwire ntchito, ndipo akudziwa za iyo ndi ndani?

Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idachepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Munthu amene adasunga K1,180,000 pansi pa matilesi adagona ali ndi ndalama yokwana $1,000, n'kudzuka ali ndi yosafika $700. Palibe wakuba adalowa m'nyumba. Kwacha si yosunga ayi, ndi yodutsitsa. Ndalama ya m'tsogolo isiye kuno m'marandi, kumudzi upititse yokhayo imene ili ndi ntchito yoidikira sabata yomweyo.

Apa ndiye pali mwambo umene ana inu mwautaya, wotchula ndalama dzina pamaso pa mboni. Nthawi ya Wenela, ndi ya Theba pambuyo pake, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito ya kumigodi, amuna sankalandira malipiro onse kumigodi kuno. Gawo lina linkasungidwa, n'kukalandirira kumudzi kontalakiti itatha. Dzina la Wenela likadalipo ku Blantyre pa depoti ya mabasi, ngakhale ambiri okwera pamenepo sadziwa chiyambi chake. Ndege ya Wenela yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 n'kupha amuna athu oposa 70, Kamuzu adaimitsa maulendo, ndipo midzi yambiri idaona kuti malata ankachokera kuti. Masiku amenewo ndalama sinkayenda yokha, inkayenda ndi kalata. Kalatayo inkawerengedwa pakhonde, mwana wasukulu akuwerenga mokweza, amayi atakhala pamphasa, atsibweni atakhala pampando. Iyi ndi ya msonkho. Iyi ndi ya mbuzi ziwiri zazikazi. Iyi ndi ya sopo ndi mchere wa agogo. Iyi musaikhudze, ndi ya malata. Moni kwa apongozi, moni kwa amfumu, moni kwa ana onse mayina awo mmodzimmodzi. Munthu ankatsika ndi sutikesi, bulangete ndi njinga, n'kukapeza mbuzi zake zitaswana. Amene sankalemba kalata ndi aja tinkawatcha matchona, ndipo dzinali silinali lokoma.

Lero foni imangolira usiku, uthenga wake "mwaiona?" basi. Wolandira ndi mng'ono wako chifukwa ndiye wodziwa kudina foni. Atsibweni ako amamvera kwa anthu kuti kwabwera ndalama. Sindikunena kuti mng'ono wakoyo ndi wakuba, ayi. Koma ndalama yopanda dzina imayamba yagula mayunitsi, kenako ndiwo, kenako yabwerekedwa kwa mnansi amene mwana wake wadwala, ndipo aliyense wachita zooneka zabwino. Pofika mwezi wa feteleza yatsala theka, ndipo thekalo silikugulanso zimene likadagula pamene inkafika.

Kalata siyofunikanso sitampa. Usanatumize, imba foni amayi ndi atsibweni ali pamodzi, unene kuchuluka kwake ndi ntchito yake onse akumva. Ukatero ujambule mawu omwewo pa WhatsApp kuti asadzasinthike pakamwa pa munthu. Ngati uli pabanja, akazi ako akhalepo, ndipo ya apongozi uitchule payokha, ngakhale ikhale yochepa. Uwauzenso kuti nambala yako ndi imodzi. Akalandira uthenga wa "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", asayankhe, ndipo nambala yachinsinsi ya foni asauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku ofesi.

Kenako utsate nyengo, osati tsiku la malipiro ako. Chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola, cha mu Meyi ndi Juni, ndipo chimakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitauma. Ndalama ya chakudya cha chaka ipite nthawi yokolola, agule matumba a makilogalamu 50. Chikhale chouma bwino, cholira ukachiluma, chifukwa chachinyezi chimachita nkhungu m'thumba. Athire mankhwala a anankafumbwe monga mwa malangizo a pabotolo, kapena agule matumba aja osalowa mpweya, ndipo asanjike pamitengo, osati pasimenti kapena kutsamira khoma. Feteleza agule mu Ogasiti kapena Seputembala, anthu asanayambe kulimbirana: pa ekala imodzi thumba la NPK lokulitsa ndi thumba la Urea lobereketsa. Osadikira makuponi, amene mwina sadzafika pakhomo panu. Fizi ya sukulu ilipidwe ku akaunti ya sukuluyo, lisiti alijambule akutumizire.

Za nyumba ndiye usamale. Malata, mafelemu a zitseko ndi misomali zimadikira zaka ngati zili pouma, choncho ungagule pang'onopang'ono ukapeza ndalama, atsibweni n'kumawerenga. Simenti sidikira. Ikakhala miyezi ingapo, makamaka nthawi ya dzinja, imagwira miyala m'thumba momwemo, ndiye igulidwe mmisiri ataima kale pamalopo ndi mchenga utatutidwa. Ndipo mmisiriyo asalandire zonse poyamba. Mugwirizane kuti alandira akamaliza maziko, akafika pa mawindo, ndi akakhoma denga, mtengo wa gawo lililonse ukambidwe gawolo likamayamba, chifukwa mtengo wa mu Epulo sudzakhala womwewo mu Okutobala.