Yankho kwa Malume: za dera la Kłodzko ndi boma lake

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona, ndiye ndati ndingojambula mawu, chifukwa nkhani yake ndi yotalika. Ena nonse pagulu pano mumve nawo. Mwafunsa za kachigawo kaja kali kummwera kwa Poland, kamene pa mapu kalowerera m'dziko la Czech. Mwati pena akulemba Ziemia kłodzka, pena powiat kłodzki, kodi ndi malo amodzi kapena awiri, nanga kanakhala bwanji ka Poland pomwe dziko lina lakazungulira mbali zitatu.

Nthaka yake ndi imodzi yomweyo, Malume, malire ake amangosiyana pang'ono chabe. Ziemia kłodzka ndi dzina la dera, lochokera kalekale, lilibe ofesi. Powiat kłodzki ndi boma la masiku ano, limene linakhazikitsidwa mu 1999, likulu lake ndi tawuni ya Kłodzko. Kuchokera kuno ku Wrocław kumene ndimakhala, sipakwana makilomita 100. Ndi boma lalikulu kuposa onse m'chigawo cha Lower Silesia, masikweya kilomita opitirira 1,600, anthu pafupifupi 150,000, ndipo lagawidwa m'timaboma ting'onoting'ono 14.

Tsono chifukwa chimene dera ndi boma zikufanana chonchi ndi mapiri. Inu munaphunzitsa jogalafe zaka zambiri, mukawaona muzindikira nthawi yomweyo. Malowa ali ngati beseni. Pakati ndi chigwa, m'mphepete monse mapiri a Sudety. Kumadzulo kuli Góry Stołowe, mapiri a miyala yamchenga afulati pamwamba, amene anawasandutsa malo otetezedwa mu 1993. Kummwera chakummawa kuli Śnieżnik, lotalika mamita opitirira 1,400. Mitsinje yambiri, Biała Lądecka, Bystrzyca Dusznicka, Ścinawka, imatsikira pakati n'kukathira mu Nysa Kłodzka, ndipo Nysa imatuluka pampata umodzi wopapatiza cha ku Bardo n'kupita kukathira mu Odra. Aliyense amene analamulapo kumeneku anapeza malire atajambulidwa kale. Pali phiri lina limene ndikudziwa kuti mulikonda, Trójmorski Wierch. Mvula ikagwa pamenepo imagawikana patatu. Ina imatsata Nysa ndi Odra mpaka kunyanja ya Baltic, ina imalowa mu Elbe kupita ku North Sea, ina imatsata Morava ndi Danube mpaka ku Black Sea.

Eee, tsopano mbiri. Kwa zaka mazana ambiri derali linali la ufumu wa Bohemia, kutanthauza kuti la Acheki. Iwo amalitcha Kladsko. Dzinali limatchulidwa kale pa nkhani za chaka cha 981, ngati linga loyang'anira njira ya malonda yochokera ku Prague kupita kumpoto. Apolishi ndi Acheki analimbirana malowa nthawi yaitali, mpaka mu 1137 Bolesław Krzywousty wa ku Poland ndi Soběslav wa ku Bohemia anakumana ku Kłodzko komweko n'kupangana mtendere, dera n'kutsalira kwa Acheki. Kenaka m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 kunabwera Ajeremani ambiri kudzamanga midzi ndi matawuni, mpaka chilankhulo cha anthu ambiri chinakhala Chijeremani, tawuni n'kumatchedwa Glatz. Mu 1459 mfumu George wa ku Poděbrady inakweza derali kukhala chigawo chokhala ndi ulemu wakewake, ndipo malire a chigawo chimenecho ndi pafupifupi amene mukuwaona pa mapu anuwo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Lero Kłodzko ili m'chigawo cha Lower Silesia, koma kale sinali mbali ya Silesia. Inalumikizidwa ndi Silesia chifukwa cha nkhondo. Mu 1742 Frederick II wa ku Prussia, ufumu wina wa Ajeremani, analanda Silesia kwa Maria Theresa wa ku Austria, amene ankalamuliranso Bohemia, n'kutengera limodzi ndi Kłodzko, chifukwa wogwira chigwachi wagwira khomo lolowera ku Bohemia. Asilikali a Austria anailandanso mu 1760, koma pangano la 1763 linaibwezera kwa Prussia. Linga lalikulu lili pamwamba pa tawuni, limene limaoneka pa chithunzi chilichonse cha Kłodzko, analikulitsa ndi kulilimbitsa ndi a Prussia amenewo.

Koma imvani izi, inu a kutchalitchi. Mafumu anasintha, koma Akatolika a kumeneku anapitirizabe kukhala pansi pa arkibishopu wa ku Prague mpaka 1972. Zaka 230 chichokereni m'manja mwa Bohemia! Arkibishopu woyamba wa Prague, Arnošt wa ku Pardubice, amene anamwalira mu 1364, manda ake ali m'tchalitchi chachikulu cha ku Kłodzko. Ngakhale mlatho wakale wamiyala pakati pa tawuni, wokhala ndi ziboliboli za oyera mtima, anthu amaufanizira ndi mlatho wotchuka wa ku Prague. Munthu ukamayenda m'tawunimo umaona wekha kuti kale nkhope yake inkayang'ana kummwera.

Mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya 1945. Nkhondo yachiwiri itatha, maiko amene anapambana anakankhira malire a Poland kumadzulo. Dziko la Czechoslovakia linalifuna derali, linkati ndi lathu kuyambira makolo, komanso cha ku Kudowa kunali midzi ina imene anthu ankalankhulabe Chicheki. Sizinatheke, dera linapita kwa Poland, ndipo mkangano wa malire anautseka ndi pangano la 1958. Ajeremani amene anakhala kumeneku mibadwomibadwo anasamutsidwa, ambiri mu 1946. M'nyumba zawo munalowa Apolishi, ena ochokera pakati pa dziko, ena ochokera kummawa cha ku Lwów, amenenso anali atachotsedwa kwawo dera lawo litatengedwa ndi Soviet Union. Tangoganizani Malume, munthu wolandidwa mudzi akulowa m'nyumba ya mnzake wolandidwa mudzi, akupeza mipando, makasu, manda a eni ake kuseri kwa tchalitchi olembedwa chilankhulo chimene iye sachimva. Pafupifupi anthu onse a m'deramo anasinthika m'zaka zochepa. Midzi ina ya m'mapiri, kumene nthaka ndi yovuta kulima, inatha anthu pang'onopang'ono, tchire n'kumera pamabwinja. Ine ndimalemekeza Apolishi a kumeneku amene masiku ano amakonza manda akale aja ndi kusunga mayina akale m'nyumba zosungira mbiri, chifukwa agogo awo analibe mtima umenewo, mabala anali asanapole.

Za boma ndidutsepo msanga. A Prussia anagawa derali m'maboma atatu, Glatz, Habelschwerdt ndi Neurode, amene lero ndi Kłodzko, Bystrzyca Kłodzka ndi Nowa Ruda. Mu 1975 Poland inathetsa maboma a mtundu umenewu m'dziko lonse. Powabwezeretsa mu 1999, atatu aja anawaphatikiza kukhala limodzi, ndiye boma latsopano linangogwera pafupifupi m'malire a chigawo chakale chija.

Anthu amadya chiyani kumeneko? Nowa Ruda inkadalira migodi ya malasha, koma inatsekedwa. Masiku ano ndalama zimabwera kwambiri ndi alendo. Matawuni amene mukuona ali ndi Zdrój kumapeto, Kudowa, Polanica, Duszniki, Lądek, ali ndi akasupe a madzi a mchere amene anthu amapita kukamwa ndi kusambamo pofuna kupeza bwino m'thupi. Ku Duszniki Chopin, katswiri wa nyimbo wa ku Poland, anaimbako piyano mu 1826 ali mnyamata wa zaka 16, ndipo mpaka lero amachitako chikondwerero cha nyimbo zake chaka ndi chaka.

Mapiri omwewo amabweretsanso tsoka. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi a mbali zonse amathamangira pakati nthawi imodzi, potulukira pali pamodzi. Mu Julaye 1997 Kłodzko inamira. Mu Seputembala 2024 zinachitikanso, damu la ku Stronie Śląskie linaphulika, madzi anakokolola Stronie ndi Lądek-Zdrój, milatho ndi nyumba, kenaka anafika ku Kłodzko. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti anachita bwino kuika chigwa chonse pansi pa boma limodzi. Wa kumtunda akachedwa kuchenjeza, wa kumunsi amakhala ndi maola ochepa chabe.

Mukatsegulanso mapu anuwo, sankhani oonetsa mapiri ndi mitsinje, mutsate Nysa kuchokera ku Międzylesie mpaka ku Bardo. Mupereke moni kwa Azakhali, muwauze kuti ndiwaimbira Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi.